Sikelo ya Tiyi ndi Tcheni cha m'Injini

Ku minda ya tiyi ya ku Thyolo palibe munthu amene amalandira malipiro ake mwa kungoyerekeza. Wothyola tiyi akadzaza dengu amapita nalo pa sikelo, kalaliki amawerenga makilogalamu nalemba m'buku, ndipo pa tsiku la malipiro bukulo ndilo limalankhula. Kapitao amene anganyamule dengu m'manja nangonena kulemera kwake angautse mlandu tsiku lomwelo. Koma chodabwitsa n'chakuti m'dera lomweli, mmene sikelo imalemekezedwa chotere, chitsulo china chofunika kwambiri m'injini ya galimoto chimaweruzidwa ndi khutu lokha. Chitsulocho ndi tcheni chimene chimagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu, chimene amakaniko amachitcha timing chain.

Nkhaniyi si yaing'ono ai. Chiyambire kubzalidwa kwa tiyi ku Bandanga m'chaka cha 1908, ndi kutsegulidwa kwa minda ina monga Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba m'chaka cha 1923, vuto limodzi silinasinthe: masamba othyoledwa ayenera kufika ku fakitale msanga. Akakhalitsa ali othinana m'matumba amatentha, amafiira, ndipo mtengo wake umagwa. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, pamene mvula yagwa ndipo tiyi akuphuka mothamanga, galimoto yofera pa chitunda ndi ndalama zotayika, makamaka kwa alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba ao ku mafakitale a maesiteti. Galimoto yomweyo ndi imenenso imadzutsidwa pakati pa usiku kuti ithamangitse wodwala ku chipatala cha boma pa Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa.

Maesiteti akuluakulu anagula magalimoto amakono, koma akale aja sanathe onse. Ena anagwera m'manja mwa alimi, amalonda ndi eni magalaja a m'mbali mwa mseu. Pali Land Rover ya injini ya malita 2.25, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1958 ndipo inapitirira mpaka pa Series III; pali Peugeot 404 ndi 504; pali Nissan 1400, imene inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008; palinso Toyota Hilux ya injini ya 22R. Injini zonsezi zimayendera tcheni. Galimoto yamakono ili ndi kompyuta imene imayatsa nyali mavavu akayamba kuchedwa. Yakale ilibe mlonda wotere, kotero mlonda wake ndi makaniko ndi zipangizo zake zopimira.

Ntchito ya tcheni

M'injini muli mipiringidzo iwiri imene iyenera kuyenda mogwirizana. Wa m'munsi, crankshaft, umazunguzidwa ndi mapisitoni. Winawo, camshaft, ndiwo umatsegula ndi kutseka mavavu, kuti mpweya ndi mafuta zilowe ndiponso kuti utsi utuluke. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Kutsogolo kwa mpiringidzo uliwonse kuli gudumu la mano, ndipo tcheni chimakoleka pa magudumu awiriwo monga mmene tcheni cha njinga chimakolekera. Kusiyana kwake n'kwakuti tcheni cha njinga chimangonyamula mphamvu, pamene cha m'injini chimanyamulanso nthawi. Vavu iyenera kutseguka pa kamphindi kake, osafulumira, osachedwa.

Anthu amati tcheni chatanuka, ngati kuti chitsulo chakhala mphira wa legeni. Zoona zake n'zakuti chitsulocho sichitanuka. Tcheni cha mtundu umenewu, chimene Hans Renold anachitulukira ku Manchester m'chaka cha 1880, chili ndi mfundo zambiri, ndipo pa mfundo iliyonse pali pini yoyenda m'kati mwa bushi. Nthawi iliyonse pamene mfundo ikhota pa gudumu, pini ndi bushi zimakhulana. Zikadyeka pamatsala kampata, ndipo timipata tonse tikaphatikizana tcheni chimatalika.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo masamu akuvomereza mau amenewa. Pa injini zambiri zakale, kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali mamilimita 9.525. Tcheni chikadyeka ndi gawo limodzi pa magawo 100, mfundo iliyonse yangowonjezera mamilimita osakwana 0.1, kuchindikala kwa pepala la m'kope. Diso silingaone zimenezo. Koma tiyerekeze kuti gudumu la crankshaft lili ndi mano 20, ndipo mbali ya tcheni imene imakoka ili ndi mfundo 20. Dzino limodzi likuimira madigiri 18, chifukwa kuzungulira kumodzi ndi madigiri 360. Mfundo 20 zija zatalika ndi mamilimita 1.9, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a mfundo yathunthu. Ndiye kuti mavavu onse akuchedwa ndi madigiri 3.6, asanawerengedwe n'komwe mano odyeka a magudumu.

Dera la Thyolo limafulumizitsa kudyekaku. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, miseu ya m'minda imafuka fumbi la katondo, ndipo fumbi likalowa mu oilo limasanduka mchenga wonolera zitsulo. M'miyezi ya chiperoni injini imaliza m'mawa kuli kozizira, oilo ali wolimba, ndipo tcheni chimayamba kuyenda mafuta asanachifike mokwanira. Maulendo a m'munda ndi aafupi, a m'giya yoyamba ndi yachiwiri, mwakuti injini imazungulira kambiri pa mtunda wochepa. N'chifukwa chake makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto sanena zonse za ukalamba wa tcheni.

Kumene khutu limasokera

Kawirikawiri nkhani imayamba motere. Dalaivala amafika pa galaja nati, "Amakaniko, galimotoyi yafooka. Pa chitunda ikuchita kukwawa." Makaniko amaliza injini, namvetsera, nayankha kuti, "Musadandaule achimwene, ndi moto chabe wachedwa." Kenaka amamasula distributor, naipotoza pang'ono mpaka injini italira bwino. Dalaivala amapita wosangalala, popeza galimoto yayambadi kukoka.

Makanikoyo sananame, koma wachiza theka la matenda. Distributor imazunguzidwa ndi camshaft, kotero tcheni chikatalika moto wa ku mapulagi umachedwa pamodzi ndi mavavu. Kupotoza distributor kumabwezera moto pa nthawi yake, koma mavavu amakhalabe ochedwa, ndipo chizindikiro chimene chikadaulula tcheni chafufutidwa. Pa Land Rover ya dizilo ya malita 2.25 zinthu zilinso chimodzimodzi, chifukwa pampu yopopera dizilo imatenga mphamvu yake ku camshaft.

Phokoso nalo si mboni yodalirika. Gwedegwede womveka kutsogolo kwa injini m'mawa angachokere ku tcheni, komanso angachokere ku matapeti okhwefuka, ku pampu ya madzi, kapena ku tensioner, kachipangizo kamene kamakankha tcheni kuti chikhale chokungika. Pa injini zambiri tensioner imakankhidwa ndi mphamvu ya oilo, ndipo ikamagwira bwino imatontholetsa ngakhale tcheni chotheratu. Motero injini yaphokoso ingakhale ndi tcheni chabwino, ndipo yachete ingakhale pafupi kudumpha dzino.

Kulakwa kuli mbali ziwiri. Wosintha tcheni chabwino wataya ndalama, ndipo chigwere mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, zitsulo zochokera kunja si zogula mwachisawawa. Wosiya tcheni chotha akuika pa ngozi injini yonse. Tcheni chikadumpha mano pa injini ya dizilo, mmene mpata wa pakati pa pisitoni ndi vavu ndi wochepa kwambiri, ziwirizi zimawombana. Pa 22R vuto lodziwika ndi lakuti kanjira ka pulasitiki kotsogolera tcheni kamathyoka, tcheni n'kuyamba kudya chivundikiro cha kutsogolo mpaka madzi atalowa mu oilo.

Muyeso woyamba: kubweza crankshaft

Muyeso uwu sufuna kuphwasula injini. Makaniko amachotsa waya wa batire, natulutsa galimoto m'giya, namasula mapulagi onse kuti injini izizungulira mopepuka. Amavula chipewa cha distributor kuti rotor ionekere. Ndi sipanala pa boti ya pule ya kutsogolo, amazunguza injini mmene imayendera masiku onse, mpaka chizindikiro cha pa pule chitafika pa kamuvi kake. Aime akupita chakutsogolo, asapitirire n'kubwerera, chifukwa cholinga n'chakuti mbali yokoka ya tcheni ikhale yokungika.

Tsono amabweza sipanala pang'onopang'ono, mnzake atayang'anitsitsa rotor. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Rotor ikangoti sunthu, sipanala iime, ndipo pa pule alembe kamzere moyang'anana ndi kamuvi. Mtunda wa pakati pa chizindikiro choyamba ndi kamzereko ndiwo umene crankshaft yayenda yokha, camshaft isanamve kukoka.

Mtundawo uyenera kusandutsidwa madigiri. Ngati pule ilibe manambala, tepi ya telala imakwanira. Makaniko azunguliza tepi pa mkombero wa pule pamene pali mizere ija, nagawa chimene wapeza ndi 360. Pule yozungulira mamilimita 470 ili ndi mamilimita 1.3 pa digiri iliyonse, kotero mizere yotalikirana mamilimita 13 ikunena madigiri 10. Mzere wa choko ndi wonenepa kuposa digiri imodzi. Ndi bwino kumata kapepala pa pule n'kulemba ndi pensulo yosongoka. Lamulo la pakamwa limene amakaniko ambiri amatsata likuti madigiri osapitirira 5 alibe nkhawa, ndipo ofika 8 kapena 10 akuitana tcheni chatsopano. Buku la fakitale la injiniyo, ngati lilipo, ndilo limagamula.

Muyesowu uli ndi mbuna zake. Rotor simva tcheni chokha: pakati pake ndi camshaft pali magiya, ndipo magiyawo akadyeka mpata wao umawerengedwa pa mutu wa tcheni. Tensioner nayo imasokoneza. Injini ikazima sipakhala oilo woikankha, mwakuti ingabwerere m'mbuyo n'kukuza nambala; ina ili ndi timano toiletsa kubwerera, ndipo imeneyo imabisa kukhwefuka. Masipuling'i a mavavu nthawi zina amakankha camshaft yokha. Pa zifukwa zimenezi munthu apime katatu kapena kanayi, akusintha malo a crankshaft, ndipo chimene wapeza achitenge ngati chenjezo, osati chigamulo.

Muyeso wachiwiri: kufunsa vavu yeniyeniyo

Funso lalikulu silakuti tcheni chakhwefuka motani, koma lakuti mavavu akuchedwa ndi madigiri angati. Yankho lake limapezeka ndi dial gauge, kawotchi kokhala ndi kamwendo, kamene kamaonetsa kusuntha kwa gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita.

Land Rover zambiri zakale zimathandiza pa ntchitoyi. Pa flywheel pali zilembo EP, zimene zimaoneka pa kawindo ka m'mbali mwa nyumba yake. Zilembozi zikafika pa kamuvi, vavu yotulutsa utsi ya silinda yoyamba iyenera kukhala itatseguka kotheratu. Makaniko amavula chivundikiro cha pamwamba, nakonza mpata wa tapeti kukhala mamilimita 0.25 monga mwa lamulo la injini imeneyi, naimika kawotchi kaja pa vavuyo.

Pachimake penipeni pamavuta kupaona, chifukwa muvi wa kawotchi umaima chilili kwa madigiri angapo. Nzeru yake ndi kupazungulira. Choyamba makaniko amazunguza injini mpaka muvi utafika pamene sukweranso, naika ziro pamenepo. Amapitiriza kuzunguza chakutsogolo mpaka vavuyo itayambanso kutseguka, naima pamene kwatsala milimita imodzi kuti ifike pachimake, nalemba mzere. Amapitirira pachimake, naimanso pamene vavu yabwerera ndi milimita imodzi, nalemba mzere wachiwiri. Pakati penipeni pa mizere iwiriyo ndiye pachimake. Ngati pakatipo pafika pa kamuvi EP itadutsa kale, camshaft yachedwa, ndipo mtunda wotsalawo ndiwo madigiri a kuchedwako. Mizere ikalembedwa pa flywheel, masamu a madigiri achitidwe ndi kuzungulira kwa flywheel, osati kwa pule.

Ubwino wa njirayi n'kuti injini imangozunguzidwa chakutsogolo, motero mbali yokoka ndiyo ikupimidwa, ndipo tensioner kapena magiya a distributor salowererapo. Pa injini zopanda EP, buku la fakitale limanena digiri imene vavu iyenera kuyamba kutseguka, ndipo kapimidwe kake n'kofanana.

Koma chizindikiro chikhale choona poyamba. Galimoto ya zaka 40 yadutsa m'manja ambiri, ndipo pule yake ingakhale ya mtundu wina, kapena kamuvi kangakhale kopindika. Chotsimikizira ndi pulagi yakale yoboola, yoikamo boti yaitali. Ikamangidwa pa silinda yoyamba, injini imazunguzidwa ndi dzanja mofatsa mpaka pisitoni itagunda boti, mzere n'kulembedwa. Kenaka imabwezedwa mpaka itagundanso, mzere wina n'kulembedwa. Pakati pa mizereyo ndipo pisitoni imakhala pamwamba penipeni. Chizindikiro cha fakitale chikasemphana ndi malo amenewa, chizindikirocho ndicho chalakwa.

Muyeso wachitatu: tcheni pa thebulo

Miyeso iwiri ija ikaloza ku tcheni, chivundikiro cha kutsogolo chimasulidwe. Tcheni chisanachotsedwe, makaniko aone mmene tensioner yatulukira. Ikakhala pafupi ndi mapeto a ulendo wake, ilibenso mpata wobisa chilichonse.

Tcheni chitsukidwe ndi palafini, chifukwa litsiro lodzaza m'timipata limachifupikitsa mwachinyengo. Chikauma chikolekedwe pa msomali kapena chigwidwe ndi vayisi, ndipo chikokedwe ndi mphamvu yofanana nthawi zonse. Apa sikelo yopachika ija ya ku munda imapeza ntchito yachiwiri: ikakoledwa ku mapeto a tcheni, imaonetsa ngati kukoka kwa tsopano kukufanana ndi kwa poyamba.

Chopimira ndi vernier. Kupima mfundo imodzi n'kudzinyenga, popeza kusiyana kwake n'kochepa kuposa kunjenjemera kwa dzanja. Makaniko awerenge marola 13, amene pakati pao pali mfundo 12. Apime kuchokera kunja kwa rola yoyamba kufika kunja kwa yomaliza, apimenso kuchokera m'kati kufika m'kati, aphatikize manambala awiriwo, nagawa pawiri. Tcheni chatsopano cha mamilimita 9.525 chimapereka mamilimita 114.3. Chikapereka 115.4, chatalika ndi gawo limodzi pa magawo 100. Matcheni oyendetsa makina a m'fakitale ya tiyi amaloledwa kufika magawo 2 kapena 3 pa 100, chifukwa ntchito yao ndi kukoka basi. Cha m'injini chikamayandikira gawo limodzi, masiku ake atha. Apime m'malo atatu kapena kuposa, ndipo malo oipitsitsa ndiwo aweruze, pakuti tcheni sichidyeka mofanana ponseponse.

Magudumu asaiwalike. Wa kabaza aliyense wa pa Luchenza kapena pa Bvumbwe amadziwa kuti tcheni chatsopano pa mano akale sichikhalitsa. Mano opindika ngati mbedza, kapena osongoka ngati minga, ndi otha. Buku la Toyota limalamula kukulunga tcheni pa gudumu n'kupima kukula kwake ndi vernier, kuti mano odyeka adziwike ndi nambala. Tcheni chikasinthidwa, magudumu onse awiri, tensioner, timinjira totsogolera ndi silo ya oilo zisinthidwe pamodzi. Pa Land Rover gudumu la camshaft lili ndi mipata ingapo yolowamo kiyi, yoikidwa dala mosiyana pang'ono, kuti womanga asankhe umene ukugwirizana bwino ndi EP. Akamaliza kumanga abwereze muyeso wachiwiri uja asanatseke chivundikiro.

Kope la mu galimoto

Nambala imodzi imanena za lero lokha, koma manambala awiri otalikirana miyezi amanena kumene zinthu zikulowera. Kope laling'ono losungidwa mu galimoto, lolembamo tsiku, makilomita ndi madigiri opezeka, limasandutsa makaniko kukhala wodziwiratu. Injini imene inaonetsa madigiri 4 chaka chatha ndipo ikuonetsabe 4 ingathe kugwira nyengo ina. Imene yachoka pa 4 kufika pa 7 ikudya tcheni mothamanga, ndipo mwini wake afunsenso za oilo amene amathira, za nthawi imene amamusinthira, ndi za sefa ya mpweya. Pa Land Rover yakale sefayi ndi mbale ya oilo yokola fumbi, ndipo m'chilimwe imadzaza matope ofiira msanga.

Nthawi yabwino yopimira ndi miyezi ya Juni mpaka Okutobala, pamene tiyi wachepa ndipo galimoto ingagone pa galaja masiku awiri popanda wolira. Ndi nthawinso yokwanira kuitanitsa zitsulo ku Limbe kapena ku Blantyre, n'kuziyerekeza ndi zakale zisanamangidwe. Walira mvula walira matope: amene akuyembekeza masamba ochuluka a mu Januwale ayembekezenso miseu yoterera ndi katundu wolemera, ndipo pamenepo injini imafunsidwa mphamvu zake zonse.

Zipangizo zofunika pa ntchito yonseyi ndi sipanala, pensulo, tepi ya telala, vernier ndi kawotchi kamodzi, kamene magalaja awiri kapena atatu oyandikana angathe kubwerekana. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makaniko wake kuti wapeza madigiri angati ndi mamilimita angati, monga momwe wothyola tiyi amasuzumira pa sikelo kalaliki asanalembe. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere, chifukwa yankho lake ali nalo kale m'kope.